Funsani Achimwene: Kusamuka nyumba pomwe ntchito yako yonse ili mu kompyuta

Mwezi uno mwandilembera makalata atatu okamba nkhani imodzi, kusamuka nyumba, ndipo onse atatu achokera kwa anthu olemba mapulogalamu a kompyuta, ndiye ndaona kuti ndingowayankhira pamodzi. Maina ndachotsa ngati nthawi zonse.

FUNSO

Achimwene, ine ndine software engineer, ndimalemba code ya kampani ina ndipo ndimagwirira kunyumba masiku onse. Kwatsala milungu itatu kuti ndisamuke, ndapeza nyumba yokulirapo. Vuto ndi loti aliyense ndikamuuza akungoti aaa iwe zako nzophweka, ungonyamula laputopu basi wasamuka, koma ine mtima suli mmalo chifukwa sabata yomwe ndikusamukayo ndi yomwenso timu yathu ikutulutsa version yatsopano ya app, komanso ndili ndi kompyuta yaikulu ya pa desiki, ma monitor awiri, ma hard drive atatu omwe muli zinthu za zaka zambirimbiri, ndipo tsiku lomwe ndinapita kukaona nyumbayo ndinangoyang'ana zipinda ndi bafa, za intaneti sindinafunse nkomwe. Abwana sindinawauzebe poopa kuti aziona ngati ndikufuna kuzemba ntchito. Ndiyambire pati?

Mlongo wanu wa ma code

YANKHO

Achemwali, yambirani kwa abwana anuwo, ndipo lero lomwe osati mawa. Ndikumvetsa manthawo koma taganizani, chomwe chingawapweteke mtima ndi chiti, kumva lero kuti pa milungu itatu mudzasowa masiku awiri, kapena kudzakusakani pa tsiku la release, lotulutsa version yatsopano ija, app itagwa inu muli pakati pa makatoni foni ili mchikwama chomwe simukuchikumbuka? Pemphani masiku awiri kapena atatu a tchuthi chenicheni, pemphani kuti sabata imeneyo musakhale pa on-call, kutanthauza kukhala tcheru kuti muitanidwe china chikavuta, ndipo ntchito zanu zomwe zikulowa mu release mumalize msanga kapena mupatsire mnzanu mutamulembera bwinobwino pomwe mwalekezera. Musavomere zoti ndidzangoyang'anako pafoni. Munthu amene akunyamula bedi sangaone bug, kutanthauza cholakwika cha mu code, ndipo code yolembedwa munthu atatopa chonchi imadzabwerera ndithu.

Mukamaliza zimenezo bwereraniko kunyumba yatsopanoyo, ulendo uno mutatenga laputopu ndi foni. Khalani mchipinda chomwe mukufuna kuikamo desiki, osati pakhonde pomwe netiweki imakhala bwino paliponse, ndiye muyeze liwiro la intaneti ndi Speedtest ya Ookla kapena fast.com ya Netflix. Anthu ambiri amangoona nambala ya download nkusangalala, koma ntchito yathuyi imadalira kwambiri upload, liwiro lotumizira zinthu kunja, ndi ping, nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ndi kubwerera. Mukamakankha code, mukamaonetsa sikirini yanu pa miting'i, mukamalankhula pa vidiyo, zonsezo zikuchoka kwa inu kupita kunja. Ndipo sikuti zimafuna liwiro loopsa ayi, Zoom ya zithunzi zooneka bwino kwambiri siifika ngakhale 4 Mbps mbali iliyonse, chomwe chimafunika nchakuti isamadukeduke. Za kuchedwa kwa mau, bungwe la ITU, loona za matelefoni ndi kulumikizana padziko lonse, limalangiza kuti mau asatenge nthawi yopitirira 150 milliseconds kuchoka kwa wolankhula kufika kwa womvera, ikapitirira kwambiri mpamene mumayamba kudulana mau pa miting'i aliyense nkumati pepani pitirizani. Ngati mungathe yezani kawiri, masana nthawi ya ntchito komanso madzulo pomwe aliyense wabwerako ndipo akuonera mafilimu. Mugogodenso kwa aneba muwafunse kampani yomwe amagwiritsa ntchito ndi mmene imachitira, safunsa anadya phula. Ngati mukufuna kukokeredwa fibre lembetsani sabata ino chifukwa anthu odzaika aja sabwera tsiku lomwelo, ndipo funsani eni nyumba ngati akulola kuboola khoma. Pamwamba pa zonsezo khalani ndi SIM ya kampani ina yosiyana ndi yanu ya masiku onse, kuti masiku oyambawo muzitha kuyatsa hotspot.

Tsopano nkhani yomwe ine imandikhudza kwambiri, ma hard drive atatu aja. Zaka zapitazo nane ndinasamuka, ndipo drive yanga ya zinthu zakale ndi drive yomwe ndinkasungiramo backup yake ndinaziika mkatoni imodzi poganiza kuti zikhale pamodzi zisasowe. Katoniyo inagwa pa masitepe. Zonse ziwiri zinangoyamba kulira tiki tiki osatsegukanso, ndipo munali zithunzi za pabanja zomwe sindinazipezenso mpaka lero. Ndiye chonde mvetserani. Pali lamulo lomwe timalitchula 3-2-1, kutanthauza makope atatu a chinthu chilichonse chofunika, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi nyumba yanu, kaya pa cloud, malo osungira mafayilo pa intaneti, kaya kwa m'bale wanu. Yambani kukweza pa cloud pano chifukwa zinthu za zaka zambiri zitha kutenga masiku angapo. Mukamaliza tsegulani mafayilo angapo kuchokera mu backup momwemo muone ngati akutsegukadi, anthu ambiri amadzazindikira kuti backup yawo inasiya kugwira ntchito kalekale tsiku lomwe akuifuna.

Ndikudziwa muyankha kuti code yonse ili pa Git, pulogalamu ija yosunga mbiri ya zonse zomwe zasinthidwa mu code. Zoona, Linus Torvalds atapanga Git mu 2005 anaipanga mwa njira yoti kope lililonse limanyamula mbiri yonse ya ntchito, koma imasunga zokhazo zomwe mwachita commit, kutanthauza kuzilemba mu mbiriyo, ndipo anzanu amaona zokhazo zomwe mwachita push, kutanthauza kuzikankhira ku server. Ma branch, nthambi za code, omwe muli nawo pa laputopu yanu yokha, zomwe munaika pambali mu stash ya Git miyezi iwiri yapitayo nkuiwala, fayilo ya zachinsinsi ya .env yomwe mwadala siilowa mu Git, makiyi a SSH olowera ku ma server, database yoyeserera yomwe munaikonza tsiku lathunthu, zonsezo laputopu ikagwa kapena ikasowa mlole zapita. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Tengani ola limodzi muyende mu project iliyonse, kankhani ma branch onse, zachinsinsi muziike mu password manager osati kudzitumizira pa WhatsApp. Onetsetsaninso kuti disiki ya laputopu ndi yokhomedwa moti wopanda pasiwedi sangawerenge zamkatimo, BitLocker pa Windows, FileVault pa Mac, LUKS pa Linux, chifukwa tsiku losamuka mnyumba mumalowa anthu ambiri osawadziwa ndipo zitseko zimakhala pululu. Laputopu ya kampani ikabedwa ili yokhomedwa mwataya chitsulo chabe, ikabedwa ili yosakhoma mwataya zinsinsi za makasitomala ndipo imeneyo ndi nkhani ina.

Kupakira. Laputopu, ma drive ndi mapepala ofunika zisakwere lole, ziyende ndi inu mchikwama cha pamsana, ndipo drive ya backup ikhale mchikwama china. Hard drive yachikale ija mkati mwake muli timbale tomwe timazungulira ka 5400 kapena 7200 pa mphindi ndi kamutu kowerenga komwe kamayandama pafupi zedi ndi mbaleyo, ndiye kugwa kamodzi nkokwanira, pomwe drive yamakono ya SSD ilibe chozungulira, imapirirako. Kompyuta yaikuluyo, ngati ili ndi graphics card yolemera ichotseni muikulunge payokha, ikasiyidwa momwemo imagwedezeka pa mabampu mpaka kuthyola pomwe yalowa pa motherboard. Ma monitor aziima chilili, pakati muike bulangete, osawagoneka nkusanjikapo katundu. Musanazule waya ngakhale mmodzi jambulani kuseri kwa desiki ndi foni, kenako mawaya a chinthu chilichonse muwamange pamodzi nkumatapo kapepala. Ndipo pakhale katoni imodzi yolembedwa kuti yoyamba kutsegula, momwe muli rauta, chaja, extension, mouse, kiyibodi ndi mahedifoni. Ngati katundu wayenda mozizira kapena wanyowako ndi mvula musathamangire kuyatsa, zisiyeni maola angapo kuti chinyezi chamkati chiume.

Mukafika, rauta musaibise mkabati kapena kuseri kwa TV chifukwa choti ndi yosaoneka bwino. Ikhale pamwamba, chapakati pa nyumba. Wi-Fi ya 2.4 GHz imafika patali ndipo imadutsako makoma koma imadzadza ndi ya aneba komanso microwave imaisokoneza chifukwa zimagwira pa mafunde oyandikana, ya 5 GHz ndi yothamanga koma khoma lochindikala limaifooketsa msanga. Ine maganizo anga ndi oti desiki ya ntchito muikokere waya basi, Cat5e kapena Cat6 imanyamula 1 Gbps mpaka mamita 100, palibe nyumba ya munthu wamba yomwe ingapose pamenepo. Ngati rauta ndi yatsopano ipatseni dzina ndi pasiwedi zomwe zinali pa yakale, zipangizo zanu zonse zingolumikizika zokha, koma pasiwedi ya admin yomwe inabwera nayo musinthe. Musaiwalenso kuuza a IT a kuntchito kwanu, makampani ena amangolola ma IP address omwe anawalembetsa kuti ndiwo alowe ku ma server, ndiye mutha kudzuka Lolemba intaneti ili bwinobwino koma database ikukukanani osadziwa chifukwa chake. Masoketi a mchipindamo muwayese kaye ndi nyale kapena chaja musanalumikize kompyuta, ndipo pakati pakhale surge protector yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu kapena UPS yomwe ili ndi batire.

Anthu okuuzani kuti nzophweka aja musakwiye nawo, iwo amaona laputopu yokha. Apempheni adzakuthandizeni kunyamula makatoni.

FUNSO

Zikomo achimwene. Ine ndasamukira dziko lina ndi banja langa koma ndikugwirabe ntchito ku kampani yomwe ija. Nditafika ndinagula SIM yakuno yakale ndinataya, pano GitHub, webusayiti yomwe timasungapo ntchito yathu, ikufuna nambala yolowera yomwe ikutumiza ku nambala yakale ija ndiye sindikutha kulowa, imelo nayonso chimodzimodzi pa laputopu yatsopano. Chinanso ma miting'i akundisokoneza, sabata yatha ndinalowa standup, miting'i yaifupi ya timu yathu, itatha kale pomwe ndinawerengera bwinobwino maola. Ndithandizeni ndisanachotsedwe ntchito.

Mphwanu wakutali

YANKHO

Mphwanga, pepani, izi zimagwera anthu ambiri kuposa mmene mukuganizira. Choyamba musachite sign out pa chipangizo chilichonse chomwe mudakali olowa, kaya ndi foni yakale kaya tabuleti ya ana, chimenecho ndiye khomo lanu lotsala. Ngati imelo ikutsegukabe pafoni lowani mu settings pomwepo musinthe nambala. Kenako sakani ma recovery code, omwe amakulowetsani mu akaunti foni ikasowa. GitHub inayamba kukakamiza anthu olemba code kuyatsa two-factor, chitetezo chachiwiri pamwamba pa pasiwedi, mu March 2023 ndipo poyatsapo imapereka ma code 16 oti musunge, Google imapereka 10, ambiri timangowatsitsa nkuwasiya mu foda ya Downloads ndiye kayang'aneni pa laputopu yakale. Akasowa, GitHub ili ndi njira yopemphera akaunti pogwiritsa ntchito chipangizo chomwe munalowerapo kale kapena kiyi ya SSH yomwe ili pa akauntiyo, zimatenga masiku angapo ndiye auzeni a timu yanu lero kuti adziwe chomwe chikuchitika. Yesaninso kulankhula ndi kampani ya foni yakale ija ngati ingakubwezereni nambalayo, ndipo chitani changu chifukwa nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito amaipereka kwa munthu wina, ndiye ma code anu azipita mfoni ya mlendo.

Mukalowa chotsani SMS paliponse pomwe mungathe muike app ya authenticator. Imeneyo imapanga nambala yatsopano masekondi 30 aliwonse pafoni pomwepo, siifuna SIM ngakhale netiweki, mutha kusamuka kakhumi osavutika. Ma recovery code atsopanowo muwasindikize papepala mukasunge pomwe pali mapasipoti.

Za standup ija ndikukaikira kuti si inu munalakwitsa masamu, ndi mawotchi omwe anasintha. Maiko ambiri a ku Europe amasuntha nthawi ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la March ndi Lamlungu lomaliza la October, madera ambiri a ku United States amasintha Lamlungu lachiwiri la March ndi Lamlungu loyamba la November, pomwe maiko ena ambiri sasintha nkomwe. Ndiye kusiyana kwa maola komwe munaloweza pamtima kumatha kusintha kangapo pachaka. Siyani kuwerengera mmutu, ikani time zone yolondola pa laputopu ndi pa kalendala ndipo muzitsatira zomwe kalendala ikunena, komanso polemberana ndi anzanu muzitchula nthawi ya UTC, yomwe ndi imodzi padziko lonse ndipo siisuntha, monga timachitira ndi ma log a pa server. Ngati kusiyanako kwakula moti miting'i ikumagwera nthawi yogoneka ana, nenani poyera mugwirizane maola omwe nonse muli maso, musangopirira mwakachetechete.

Pali china chomwe simunafunse koma ndikuchiopa. Kodi a HR akudziwa kuti mwasintha dziko? Maiko ambiri munthu akakhalamo masiku 183 pachaka amamuwerengera ngati wokhoma msonkho kumeneko, ena amayang'ananso zinthu zina monga komwe kuli banja lako, ndipo chilolezo chokhalira mdziko sichimakhala chilolezo chogwirira ntchito nthawi zonse. Izi zimakhudza inu komanso kampani. Auzeni mwa kalata, ndipo mupeze munthu wodziwa malamulo a misonkho a kumeneko akuunikireni. Komanso musanalumikize zipangizo zomwe munabwera nazo werengani zolembedwa pa chaja, zambiri za laputopu zimalemba 100-240V ndiye zimagwira kulikonse, koma zina sizitero, ndipo chinthu cha 120V mukachilowetsa pa 230V chimapsa nthawi yomweyo.

FUNSO

Achimwene, ine ndinasamuka miyezi iwiri yapitayo, intaneti ili bho zonse zikuyenda koma ine ndi amene sindikuyenda. Desiki sindinaimangebe ili mmakatoni, ndimagwirira pabedi, ndikadzuka laputopu, pogona laputopu, msana ukuwawa ndipo kuno sindidziwa munthu ngakhale mmodzi. Mayi akunyumba akuti ndili mnyumba koma ngati mulibe. Ntchito yomwe kale inkanditengera tsiku pano ikumatenga atatu ndipo ndayamba kuganiza kuti mwina mutu wanga watha. Kodi nzachilendo zimenezi?

Bambo wa ana awiri

YANKHO

Bambo, mutu wanu sunathe ndipo sizachilendo. Kalata yanu ndaiwerenga kangapo chifukwa pa atatuwa inu ndi amene mwataya chinthu chovuta kuchiona. Kunyumba yakale munali ndi tizizolowezi tomwe simunkatiganizira nkomwe, mpando womwe mukakhalapo thupi limadziwa kuti ntchito yayamba, njira yomwe mumayenda madzulo, munthu yemwe mumapatsana naye moni pageti, phokoso lomwe limakuuzani kuti ana abwerako ndiye nthawi yatha. Timeneto nditomwe tinkadula tsiku lanu mzigawo. Pano tonse tatsala uko, ndiye tsiku langokhala chinthu chimodzi chachitali chopanda poyambira ndi pothera, ndipo ntchito yathuyi yomwe imafuna kusunga zinthu zambiri mmutu nthawi imodzi ndi yoyamba kuvutika munthu akamagona moperewera komanso osapuma kwenikweni.

Loweruka likubwerali mangani desiki ija. Makatoni ena onse adikire. Isakhale kuchipinda chogona ngati pali pena poiika, ngakhale pakona pa balaza bola pakhale pa ntchito pokha. Sikirini ikhale patali ngati kutalika kwa mkono wanu, mmwamba mwake mulingane ndi maso, ngati ndi laputopu yokha isanjikeni pa mabuku mugwiritse ntchito kiyibodi ndi mouse zapadera, mapazi afike pansi bwinobwino. Msana wowawawo mbali yaikulu ndi bedi limenelo, koma ukapitirira kapena mukayamba kumva dzanzi mmiyendo kapena mmanja pitani kuchipatala. Maso nawo muziwapumitsa, mphindi 20 zilizonse yang'anani chinthu chakutali ngati mamita 6 kwa masekondi 20.

Kenako dzipangireni ulendo wopita kuntchito ngakhale ntchitoyo ili mnyumba momwemo. Mmawa sambani, valani, tulukani muyende mphindi khumi ndi zisanu, perekezani ana kusukulu ngati zikutheka, mukabwera ndiye mukhale pa desiki. Madzulo ikani ola lotsekera, lembani pakapepala pomwe mwalekezera kuti mutu usamazungulire nazo usiku, tsekani laputopu muisiye pa desiki pomwepo isalowenso kuchipinda, ndipo Slack ya pafoni, app ija yolemberana mauthenga a kuntchito, muitseke pakamwa. Kuyendako kuli ndi phindu lina, mukamadutsa njira imodzi nthawi imodzimodzi tsiku lililonse mumayamba kukumana ndi nkhope zomwezomwezo, moni wa lero mawa amakhala kucheza. Ife ogwirira kunyumba tilibe anzathu a muofesi oti atilandire kumalo atsopano, ndiye tikapanda kutuluka dala chaka chimatha tisakudziwa dzina la neba. Fufuzaninso ngati kumeneko kuli gulu la olemba mapulogalamu lomwe limakumana, kapena malo ogwirirapo ntchito limodzi komwe mungamapiteko kamodzi pa sabata.

Abwana anu auzeni zoona, kuti kusamuka kwakusokonezani ndipo mukukonza, mupemphe ntchito zing'onozing'ono zomalizika msanga kwa sabata ziwiri kapena muzilemba code limodzi ndi mnzanu pa vidiyo. Ndipo mau a mayi akunyumbawo musawatenge ngati kudandaula chabe, iwonso asamuka, iwonso asiya anzawo, ndipo munthu yekhayo wamkulu yemwe akumudziwa kumeneko ndi inu amene mwayang'ana sikirini tsiku lonse. Khalani nawo pansi muwafunse mmene iwo zikuwayendera, mugwirizane limodzi ola lotsekera lija ndipo muwalole kuti azikukumbutsani. Ngati patapita milungu ingapo mukuchita zonsezi koma mtima udakali wolemera, tulo sitikubwera, chakudya sichikukoma, zinthu zomwe munkazikonda sizikukusangalatsaninso, musakhale nazo nokha, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi. Mundilemberenso mwezi wamawa mundiuze ngati desiki ija yaima.